Bambo Anga Sayamika Ndiwo Zanga

Anzanga omvera, ndikulemba kuchokera ku Ligowe, bambo anga anditopetsa. Chimwalirireni amayi, wowaphikira ndine, koma palibe ndiwo imene amayamika. Lamulungu lapitali ndinasinja chigwada mpaka manja kuwawa, n'kutendera bwinobwino. Atangolawa anakwinya nkhope.

"Kodi chidulo chinatha m'mudzi muno? Amayi ako sankaphika chonchi."

Ndinapsa mtima, ndinakalirira kuseri kwa khitchini. Azakhali atandipeza anangoseka.

"Iwe, amayi akowo ankanyozedwanso chonchi tsiku lililonse. Achimwenewa akusowa wokangana naye basi."

Mawa lake bambo atadandaula za mchere, ndinawayankha monga ankachitira malemu: "Mukaphike nokha!"

Misozi inali lengelenge m'maso mwawo. Kenako anati ndiwaonjezere ndiwo.