Mwanabere wa Esinati ndi chaka cha nthomba

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni.

Ine ndimathyola tiyi ku esiteti ya kufupi ndi Limbuli. A chipatala atabwera kudzatemera nthomba, apongozi anga anandiletsa. Amvekere, "Mwana ali bwinobwino, mukamuikitse matenda dala?" Ine ndinamuzembetsa Esinati, mwana wanga mmodzi yekhayo, nkukamutemetsa.

Patapita masiku, abale anga, mkono wa mwana kutupa! Potemera paja panatuluka thuza la mafinya, thupi kutentha, m'khwapa mwanabere ngati dzira la nkhunda. Apongozi sanandikalipire. Ankangondiyang'ana. Amayi muli pano mukudziwa kuyang'ana kumeneko. Mumtima ndinkati, ndapha mwana ndi manja anga, ndapha mwana.

Ndinamubereka mpaka kuchipatala cha mishoni. Bambo wotsuka zilonda anagwira m'khwapamo nkuseka. Ine ndikulira, iwo akuseka!

"Mayi, katemera wagwira. M'magazi muli asilikali ang'onoang'ono. Tawaonetsa kachilombo kofooka, ndiye asonkhana m'khwapamu, akuphunzira kumenya. Kutenthaku ndi nkhondo yawo."

Ndinati, "Nanga akagonja?"

"Mubwere naye Lachisanu."

Lachisanu thupi linali litazizira. Koma chiyeso chenicheni chinali chisanafike. Mvula itayamba, nthomba inalowa m'malaini mwathu, m'nyumba za antchito a pa esiteti. Woyamba kudwala anali mwana wa oyandikana nafe, amene Esinati ankadya naye mbale imodzi, kugona naye mphasa imodzi. Mphasa imodzi, abale!

Milungu itatu sindinali munthu. M'mawa uliwonse ndinkamuvula padzuwa, kumuyang'ana kumaso, m'manja, kumapazi. Akalumidwa ndi udzudzu, ine nkumati nthomba ija yayamba! Kumunda ndinkathyola masamba okhwima, akapitawo nkumandibwezera dengu. Pemphero langa linali limodzi: Mulungu, munalenga magazi a mwanayu ndinu, musawalole aiwale zimene anaphunzira.

Mnzake uja tinamuika m'manda. Mayi ake akali kulira, muwakumbukire m'mapemphero. Ine mantha sanandithere, ndisaname pamaso pa Mulungu, mwana akangotsokomola ndimadzidzimukabe. Koma nthomba inadutsa pakhomo pathu osamukhudza.

Esinati, taima akuone. Ndi uyo, abale, akuchita manyazi, khungu lake see! Ndikuthokoza Yehova. Ine mawu andithera, amayi ndithandizeni ndi nthungululu!