Marozi Amene Analiritsa Mudzi

M'zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wa pa Chonde wopanda khadi m'thumba, ine ndinkasamalira maluwa kunyumba kwa bwana wa esiteti ya tiyi, m'tsinde mwa phirimu. Lero mukundiona ndi ndodo, adzukulu anga, koma nthawi imeneyo ndinali mnyamata wa seda m'mutu, wodziyesa wodziwa chizungu chifukwa choima pafupi ndi khitchini.

Adona, akazi a bwanayo, ankakonda marozi kuposa amuna awo. Ankati mbewu yake inabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera kwawo, timitengo tokulungidwa m'chiguduli chonyowa, ndipo mtengo wake ndi wovuta ngati mlendo wosankha ndiwo: ufuna ndowe zowolerana, ufuna madzi patsinde osati pamasamba, ndipo chiperoni chikayamba uziudulira mpaka patsale zitsa, apo ayi duwa suliona. Zikomo wake ndi minga, taonani zipserazi. Ndiye tsiku lina adona anandiuza kuti kwawo duwa lofiira limalankhula lokha, mnyamata akangolipereka kwa mtsikana ndiye kuti wafunsira.

Mawu amenewo anandikhala mumtima, pakuti ku Limbuli kunali Esinati, mlongo wake wa mnzanga Dayimoni amene ankathyola tiyi pa esiteti pomwepo. Mtsikanayo ndinkamufuna zedi, koma ndikangomuona lilime linkauma, ndipo kunalinso kalaliki wina wa njinga yatsopano amene sankachoka pakhomopo. Anzanga ankapereka chikole cha mpango kapena mikanda, ine n'kuti ayi, zimenezo n'zachimidzi. Paja safunsa anadya phula.

Lamlungu m'mawa ndinapempha marozi kwa adona, ndinabwereka jekete lakuda kwa akhuki, ulendo wa ku Limbuli. Pofika m'mudzimo ndinkayenda pang'onopang'ono kuopa kuti maluwa angayoyoke, mutu nditazolika chifukwa cha mantha. Chimene ndinaiwala n'chakuti kwathu kuno masiku amenewo munthu ankanyamula maluwa popita kumanda basi, osati lero lino pamene mumatumizirana ngakhale pa foni.

Mayi ake a Esinati anali pamtondo. Atangoona munthu wa ku esiteti, jekete lakuda, maluwa m'manja, anataya munsi uko.

"Mayo ine, Dayimoni mwana wanga! Njoka ya m'tiyi yandidyera mwana!"

Posakhalitsa amayi a mudzi wonse anali atadzaza pabwalo, wina akugubuduka m'fumbi, wina wayambitsa kale nyimbo ya maliro, ndipo ine ndikati ndilankhule, lilime lija gwa! Amalume ake a Esinati anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Limbani mtima, achimwene. Watisiya nthawi yanji?"

"Sanatisiye, bambo."

"Ndiye ali kayakaya?"

"Ndamusiya akuchapa malaya."

"Nanga maluwawa ndi a yani?"

"Ndi a Esinati."

"Aa! Esinati si uyo akulira apoyo? Mwabwera kudzamutsogolera kumanda ali moyo?"

Musaseke, ana inu, ine ndinkafuna nthaka indimeze. Ndinaona ukwati ukupita ndi kalaliki, ndipo mantha omwewo ndi amene anandimasula pakamwa. Ndinafuula mudzi wonse ukumva kuti, "Ndabwera kudzafunsira! Ndikumufuna Esinati!"

Maliro anathera pomwepo, zii. Esinati anapukuta misozi ndi chitenje, anabwera n'kulanda maluwa aja, munga n'kumubaya chala, ndipo anauza amalume ake kuti, "Munthuyu nzeru alibe, koma palibe wina amene analiritsapo mudzi chifukwa cha ine. Abwerenso ndi ankhoswe ake ndi mpango, ngati anthu." Amalumewo anandilipiritsa nkhuku yatambala chifukwa choliritsa mudzi maliro a munthu wamoyo, ndipo Dayimoni mpaka ukalamba wake ankandiitana kuti "amene anandipha."

Maluwawo anafota, koma kamtengo kamodzi agogo anu Esinatiwo anakazika kuseri kwa khitchini, ndipo mdzukulu wake ndi chitsamba tikudulirachi. Ndiye inu mukadzafuna munthu, mudzapereke duwa ngati mwakonda, koma pakamwa mudzatsegulenso, chifukwa duwa aliyense amalimva m'chinenero cha kwawo.

Tadulani lofiira ilo, bwinobwino ndi minga, tikawasiyire agogo anu kumanda dzuwa lisanatenthe. Amayi a ku Limbuli aja sanalakwe kwenikweni, anangofulumira kulira.