Vinyo wa mu Mgolo wa Mankhwala a Thonje

Ndine mayi wa kuno ku Vubwi, ndipo ndikupempha kuti nkhani yangayi muiwerenge pa wailesi lero lomwe.

Amuna anga amalima mphesa kudimba kwathu. Chaka chino zinabereka kwambiri, ndiye anaganiza zopanga vinyo woti anthu adzamwe pa ukwati wa mwana wathu. Migolo itachepa, anatenga wina womwe kale munkakhala mankhwala opopera thonje.

"Bambo, ntchentche zikatera pamgolowu zikumafa," ndinawauza.

"Ndinatsuka ndi sopo, musade nkhawa," anayankha.

Vinyo atapsa, alamu anga ndiwo anayamba kulawa. Pasanapite nthawi anayamba kutuluka thukuta, malovu ali chuchuchu, maso osaona bwino. Tinathamangira nawo kuchipatala, ndipo mpaka pano sanayankhule.

Amuna anga anataya vinyo yense m'dzenje. Kenako anakhala pansi n'kundiuza kuti chigubu chimodzi anali atapatsa kale bambo wina wa njinga yamoto wopita kumalire a Mozambique. Kwawo sitikudziwa, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Bambo inu, ngati mukumvetsera, chigubucho ndi chachikasu. Musamwe, ndipo musapatse munthu aliyense.