Masau a Kuseri kwa Miyala Yofiira

Zaka zija nkhondo itangotha, ife titabwerako ku Malawi kumene tinathawira, munthu sunkangolowa m'tchire ngati mmene mumachitira inu lero, kuthamangitsana mpaka ku Chingodzi osayang'ana pansi, ayi, chifukwa m'nthaka munali mamina, mabomba okwirira aja, ndipo ngakhale ng'ombe zinkaphulika nawo. Senderani mumthunzi muno, adzukulu anga, ndikuuzeni zimene ndinachita ine agogo anu.

Tinafikira muno m'Matema kwa mng'ono wanga Lusiyano, amene sanathawe nawo nkhondo. Iye anali atalembedwa ntchito yofukula mamina, anali ndi jombo, njinga, ndi dzina loti bairu lonse, dera lathu lonseli, likulidziwa, koma ine mkulu wake ndinabwera ndi mphasa, mapoto awiri ndi ana atatu, n'kumagulitsa kachewere wa ku Angoniya pamsika.

Domingu lina, tsiku Lamulungu, m'nyengo ya masau Lusiyano anati, "Mano, akulu anga, tiyeni tikawaonetse ana tchire. Kumtunda m'mbali mwa Zambezi tatsegulako kanjira kabwino, ngakhale alamu ndi mwana kumsana atha kuyenda."

Kanjirako kanalidi kosalala, kopanda chitunda, kodutsa m'mitsanya ndi m'milambe, ndipo m'mbali mwake anandandalikamo miyala, yoyera mkati, yofiira kunja. Lusiyano anatiimika poyambira pomwe nati, "Mwala woyera ndi wathu, wofiira ndi wa imfa. Wina asadumphe." Ana anga, obadwira mumsasa wa othawa nkhondo, anali asanaonepo nyani, ndipo tsikulo anaona anyani atakhala pathanthwe, nkhanga zikuthamanga, agwape awiri, ndi mvuu zikufwenthera pamadzi. Koma chilichonse chimene aona, ankathamangira kwa yani? Kwa tiyu wawo, bambo awo aang'onowo. "Tiyu, ichi n'chiyani? Tiyu, mapazi awa ndi a ndani?" Iye n'kugwada, n'kuloza ndi kamtengo kuti apa padutsa fisi, apa ng'ona inaothera dzuwa.

Ine ndili pambuyo ndi chigubu cha madzi, ngati wantchito.

Musaseke. Nyama zimenezo ndinamuphunzitsa ndine tili anyamata kwathu, koma nditati ndilankhulepo, Rozita, amayi anuwa, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anati, "Dikirani papa, tiyu akufotokoza." Ndipo agogo anu aakazi, amene anali asanasekepo bwinobwino chibwerere, tsikulo ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje pa nthabwala za mlamu wawo. Mumtima mwanga munatentha kuposa dzuwa la Tete lino.

Titafika pokhota, Rozita anaona mtengo wa masau wofiira psuu, wosathyoledwa zaka zonse za nkhondo, kuseri kwa miyala yofiira. Anapempha tiyu wake, koma iye anakana kuti kumeneko sanafikeko kukafukula mamina. Apo ndinati mumtima, nachi chimene Lusiyano walephera. Ndinaika chigubu pansi, ndinadumpha miyala, ndipo ndinayenda mapazi khumi kapena kuposa.

"Mano! Imani pomwepo!"

Mawu amenewo sanali a mng'ono wanga amene ndinkamudziwa. Ndinaima, ndipo nditayang'ana pansi, chapafupi ngati apo pali ndowapo, ndinaona kawaya kadzimbiri katatuluka m'udzu. Agogo anu aakazi anagwira ana n'kuwatembenuza nkhope, ndipo ndinawamva akuti, "Bambo a Rozita, mwatani kodi?"

Lusiyano anagwada m'mphepete mwa njira, akuyang'anitsitsa fumbi. "Musatembenuke, mano. Bwezani mwendo wamanzere pambuyo, pang'ono, kumanja pang'ono, pamenepo. Pondani." Anandibweza choncho phazi ndi phazi, m'mapazi anga omwe, chobwerera m'mbuyo ngati mwana wophunzira kuyenda, ndipo sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, koma nditafika pamiyala yoyera malaya anali atanyowa ngati ndagwa mumtsinje.

Ndinkayembekeza kuti andikalipira pamaso pa ana, ndipo mwina zikanandipepukira. Koma iye anangoti, "Mwaona ana inu? Papa wanu watipezera mina. Mawa tidzaichotsa." Pobwerera Rozita atatopa n'kukweza manja kuti tiyu amunyamule, iye anati msana ukumupweteka, apite kwa bambo ake. Ndinamunyamula mwana wanga paphewa, koma ndinkadziwa kuti msanawo sunkapweteka, ndipo ndikuuzeni zoona, chifundo chimenecho chinandiwawa kuposa zonse. Ngakhale kukoma mtima anandiposa nako.

Lusiyano anamwalira osauzako munthu chifukwa chimene ndinadumphira miyala ija, ngakhale ankachidziwa, ndipo ine sindinamuthokoze, poti pakamwa pankalemera. Lero ndikafuna kutero, ndilankhula ndi manda ku Chimadzi.

Ndiye inu, ndimakuonanitu mukatupa masaya chifukwa mbale wanu wayamikiridwa. Si mlandu, mtima umatero ndithu. Koma ukatero, pitani kwa mbale wanuyo mukamuuze ndi pakamwa kuti, "Lero wandiposa, ndipo zandiwawa." Mudzaseka nonse awiri, adakali moyo woti n'kukumvani.