Njinga yanga itasiya kulira

Abale anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kumene muliko. Ine ndine wakabaza, ndimaima pa siteji ina pa Mchinji Boma. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene njinga yanga yamoto inasiya kulira, ine n'kutsala pang'ono kuzungulira mutu.

Zinayamba m'mawa wina m'nyengo ya fumbi. Mayi ena a ku Mlonyeni, a Nambewe, anandiimbira kuti ndikatenge amuna awo, bambo Jere, omwe anali atadwalika. Tinawakhazika pakati, n'kuwamangirira kumsana kwanga ndi chitenje, mayiwo n'kukhala kumbuyo. Ndinathamanga nyali ili chiyakire, ndikuliza hutala osaleka. Titafika pa kamlatho kena pomwe msewu uli ndi mabampu oipa, ndinamva bambowo akuti khe, khe, pakhosi, pafupi ndi khutu langali. Kenako mutu wawo unalemera paphewa panga. Kuchipatala anangotiuza zimene msana wanga unali utadziwa kale.

Madzulo a tsiku lomwelo njinga inakana. Ndikasindikiza sitata inkangoti khe, khe, basi. Abale anga, liwu lake linali lomwe lija! Kiki yolizira ndi phazi inali itathyoka kalekale, ndiye anzanga anachita kundikankha kuti ilire. M'mawa mwake ndinatenga kasitomala wa cha komweko, ndipo njinga inakazima pa kamlatho paja, pamalo penipeni.

Nkhani inawanda pa siteji. Ena ankati malemuwo akana kutsika, akadali pampando. Mnzanga wina wokonda zoseweretsa ankakuwa ndikamafika, amvekere, "Aise, pasenjala wako uja sanafikebe?" Anthu ankaseka, koma pokwera ankandilambalala n'kupita kwa ena.

Koma chimene chinkandidya ine si makasitomala ayi. Mumtima ndinkati ndine ndinawatsiriza bambo aja ndi liwiro langa pa mabampu paja, ndiye akundisungira chakukhosi. Ndinasintha pulagi, ndinatsuka kabureta, ayi ndithu, khe, khe yemweyo. Mapeto ake ndinaikankhira kuseri kwa nyumba n'kuiphimba ndi chisaka. Masana dzuwa lili pamutu, msana unkandizizira pomwe anatsamira paja, ndipo ndinkangotembenuka kuona ngati pali munthu. Chakudya sichinkatsika. Alamu anga anati tipite kwa sing'anga, ndipo sindinama, ndinatsala pang'ono kuvomera. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, ngati munthu uja ali nane chifukwa, ndiuzeni, ndatopa ine.

Lamulungu lina pochokera ku tchalitchi ndinapeza alendo pakhonde. Anali a Nambewe, atavala mpango wakuda, ndi mlongo wawo a Lyson, omwe amakonza mathirakitala ku esiteti ya fodya. Anabwera ndi nkhuku kudzathokoza. Atafunsa za njinga, ndinawauza zonse, misozi ili chuchuchu.

A Lyson sanandiseke. Anachotsa chisaka chija n'kunena kuti, "Achimwene, tayatsani nyali, kenako musindikize sitata." Nyali inazilala n'kutsala kamoto kofiira. Hutala inalira ngati kambuzi kodwala. Atatsegula m'mbali, tinapeza pamutu pa batire pali ufa wobiriwira, waya akungogwedera.

"Tsiku lija munazimitsa kiyi?" anandifunsa.

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti ndinaisiya panja pa chipatala nyali ikuyaka mpaka madzulo.

"Khe khe ameneyu ndi batire lopanda moto," anatero a Lyson. "Ndipo pa mabampu wayayu amalekana, njinga n'kuzima. Palibe munthu apa."

Anapala ufa uja, n'kumanga nati. Tinabwereka batire kwa mnzanga woyandikana naye nyumba, ndipo njinga inalira kamodzin'kamodzi. Komabe mtima wanga sunakhazikike mpaka a Nambewe atayankhula.

"Mwana wanga," anatero, "amuna anga analibe chakukhosi ndi munthu. Pokwera paja anandinong'oneza kuti mnyamatayu wabwera msanga, Mulungu amudalitse. Amenewo ndiwo mawu awo omaliza kwa ine." Anapukuta m'maso, n'kumangitsa chitenje m'chiuno. "Tandiperekezeni kwathu. Ngati akadali pampandopo, ndiye bwinotu, ndawasowa."

Anakwera mayi aja anthu onse akuona, ndipo ndinawafikitsa pakhomo pawo.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditumizire mngelo wamapiko, koma mayi wamasiye ndi munthu wa sipanala. Inu amene mwasenza mlandu womwe palibe anakuimbani, musataye mtima, musasiye kupemphera. Ine ndinkathawa munthu amene anapita kumanda akundidalitsa.