Mamembala Anayi, Chala Chimodzi

"Ndinu munandichotsa pagulu la masewera anu, achimwene."

Pamzere wodikira basi, mtsikana anali atasuzumira foni ya mnyamata wa patsogolo pake, n'kumuona akukonza tsamba la masewera amene anapanga yekha.

"Kodi wodzitcha 'Mavu' pagulupo uja ndinu? Munanyoza mamembala anga, chemwali."

"Mamembala ake ati? Onse anayi amalemba 'zikmo' m'malo mwa 'zikomo'. Ndinu nomwe, mumadziyamikira n'kudziyankha nokha."

Mnyamatayo anaseka akukanda m'mutu.

"Nanga basi yopanda anthu amakwera ndani? Ndimangoitanira."

"Wokwera weniweni ndinali ine ndekha, ndiye munanditsitsa. Chikhalirecho ndili ndi anzanga asanu ofuna kulowa."

"Asanu enieni?"

"Odziwa kulemba 'zikomo'. Mundibwezeretsa pompano, kapena ndiuze mzere wonsewu? Yankhanitu, basi ija iyo."