Adzukulu Anandipatsa Khasu

Aulutsi, dzina langa musalitchule. Kwathu ndi ku Mtakataka, koma kwa zaka zambiri ndakhala pa yunivesite, kuphunzitsa za mabanki ndi kayendedwe ka ndalama pakati pa mayiko. Maliro akagwa kumudzi, ine ndinkakhala ndili m'kalasi kapena kumsonkhano kunja. Ndinkangotumiza chipepeso pa foni, chochuluka ndithu, n'kumati ndakwanitsa.

Chaka chatha mayi anga anamwalira. Nditafika ndinapeza adzukulu angokhala pansi pa mtengo, manda osakumba. Ndinatulutsa chikwama. Mkulu wawo, yemwe tinkaweta naye mbuzi tili ana, anandipatsa khasu.

"Aphunzitsi, bwezani chikwamacho. Tinaika malume anu, tinaika alongo anu, inu osaoneka. Lero kumbani nokha, apo ayi muiuze foni ija ikumbe."

Ndinakumba nditavala suti, manja n'kutuluka matuza, anthu akungoonerera. Anadzandilandira khasulo dzuwa litapendeka, mayi akudikirabe m'bokosi.

Mpaka lero zimandiwawa. Ndalama zanga ankazilandira ndi manja awiri, koma palibe amene anandichenjezapo. Ndalemba zambiri za mphamvu ya dola, koma kwathu ndalama yanga inalephera kukumba dzenje limodzi. Anzanga ophunzira, maliro amafuna mapazi anu.